Lord Blantyre: dzina limene linafa adzukulu ali bwalo lonse

Mlungu wathawu ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni amene pano akugwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Glasgow. Alemba motere: "Tsiku lina ndili m'basi cha ku Bishopton ndinaona chipilala chachitali chamiyala chili chokhachokha pakati pa munda. Nditafunsa anandiuza kuti ndi chikumbutso cha Lord Blantyre. Kodi ameneyu ndiye bwana amene mzinda wathu unatengera dzina? Nanga abale ake alipo, kuti mwina tsiku lina ndikawapatse moni wa ku Kabula?"

Achemwali, zikomo polemba. Funso loyambalo yankho lake ndi ayi. Mzinda wathu anautcha dzina amishoni a Church of Scotland amene anakhazikika pa malo a mfumu Kapeni mu 1876, malo amene anasankha Henry Henderson, yemwe uja wa HHI. Iwo ankakumbukira David Livingstone, amene anali atamwalira kwa Chitambo mu 1873, ndipo kwawo kobadwira kunali kamudzi ka Blantyre m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Ma Lord aja nawonso dzinalo anachita kutengera pa kamudzi komweko. Ndiye mzinda wathu ndi mabwana amenewa ali ngati anthu awiri amene anatchedwa dzina la agogo amodzi koma sanadyepo mbale imodzi. Funso lachiwirilo ndiye lili ndi nkhani, khalani pansi.

Ku Blantyre wa ku Scotland, pamwamba pa thanthwe loyang'anizana ndi linga la Bothwell tsidya lina la Clyde, panali nyumba ya ansembe achikatolika imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1200. Dziko la Scotland litasiya Chikatolika mu 1560, nyumba zoterezi pamodzi ndi minda yake zinasanduka nyama yogawa, ndipo wogwira mpeni anali mfumu. Mfumuyo, James VI, inavekedwa ufumu ikadali khanda la chaka chimodzi. Inakulira m'linga la Stirling, kumene inkaphunzitsidwa ndi George Buchanan, mphunzitsi amene sankaopa kukwapula ngakhale mfumu. M'kalasi momwemo munali mnyamata wina, Walter Stewart, mwana wa Sir John Stewart wa ku Minto. Mu 1580 mfumu, ili ndi zaka 14, inapereka nyumba ya ansembe ija ndi zonse zolowa zake kwa mnzake wa kusukuluyu. Walter sanali wansembe. Ntchito yake pamalopo inali kutolera lendi basi.

Tisamunyoze kwambiri, chifukwa mutu anali nawo. Anasunga chidindo cha mfumu kwa zaka zambiri, ndipo mu 1596 anali mmodzi mwa amuna asanu ndi atatu, otchedwa Octavians, amene anapatsidwa ntchito yokonza chuma cha mfumu chimene chinali chitabooka ngati dengu lakale. Chaka chomwecho anakhala msungichuma wamkulu wa dziko. Mu 1599 zinamuipira: pa mlandu wa ndalama pakati pa mfumu ndi mbusa Robert Bruce wa ku Edinburgh, iye anaoneka kuti wakhalira mbali ya mbusayo. Anamutsekera m'linga la Edinburgh ndipo udindo wa msungichuma unamuchoka. Koma mkwiyo wa anthu okulira limodzi sukhalitsa. Mu 1606, James ali kale mfumu ya England ndi Scotland yomwe, anamupatsa ulemu wa Lord Blantyre.

Pa makwerero a mabwana a ku Britain, pamwamba pali Duke, kenako Marquess, Earl, Viscount, ndipo pansi penipeni Baron, amene ku Scotland amatchedwa Lord of Parliament. A Blantyre anali apansiwa, ndipo anakhala pomwepo mpaka mapeto. Koma apansi m'gulu limeneli anali akadali anthu a minda yoti simungayende tsiku limodzi n'kuimaliza.

Tsoka la ana aamuna linayamba msanga m'banjamo. Mu Novembala 1609 mwana wa Walter, Sir James Stewart, anakangana ndi mnzake wa kunyumba ya mfumu, Sir George Wharton. Anapangana kukakumana ku Islington, kunja kwa London wa nthawi imeneyo, aliyense ndi lupanga lake. Anabayana ndipo onse awiri anafera pomwepo. Mfumu inalamula kuti awaike m'manda amodzi.

Munthu wotchuka koposa onse m'banjali sanali Lord ayi, anali mkazi, ndipo pa iyeyu ndichedwapo pang'ono. Frances Teresa Stuart, mdzukulu wa Walter uja, anabadwa mu 1647 n'kukulira ku France, kumene bambo ake, omwe anali dokotala, ankatumikira mfumukazi Henrietta Maria, mayi wa Charles II, pa nthawi imene banja lachifumu la ku Britain linali pothawa. (Musadabwe kuona Stewart pena, Stuart pena. Ndi dzina limodzi, lachiwirilo ndi kalembedwe ka Chifalansa.) Ufumu utabwezeretsedwa, Frances anabwera ku London kudzatumikira mkazi wa mfumu Charles II. Mfumuyi inali yodziwika ndi zibwenzi, ndipo itangomuona mtima unathawa. Akazi ambiri a kunyumba ya mfumu ankaona chibwenzi chotero ngati mwayi wa minda ndi maudindo a ana awo. Frances anakana, chaka ndi chaka, mpaka mu 1667 anathawa usiku n'kukakwatiwa ndi Duke wa Richmond ndi Lennox. Mfumu inapsa mtima koopsa. Pasanapite nthawi yaitali nthomba inamugwira n'kumuwononga nkhope, mfumu inafewa mtima, ndipo mwamuna wake anamwalira mu 1672 ku Elsinore, ku Denmark, kumene anali kazembe. Ana panalibe.

Achemwali, mukapeza 50p yakale, ya chaka cha 2008 chisanafike, itembenuzeni. Muona mayi atakhala pansi, chisoti chankhondo kumutu, mkondo wa mano atatu m'dzanja, chishango pambali, mkango kumapazi. Ameneyo ndi Britannia, chizindikiro cha dzikolo. Nkhope imene ili pa ndalama yanuyo si ya Frances, koma pamene Charles II anafuna Britannia pa mendulo ya mu 1667, amene anakhala pansi kuti wosula amujambule anali iyeyu. Ku Westminster Abbey, tchalitchi chachikulu cha ku London, mpaka lero kuli chifanizo chake chaphula, chitavala zovala zimene anavala pa mwambo wolonga ufumu mfumukazi Anne, ndipo pambali pake pali mbalame yake youmikidwa, chinkhwe chotuwa cha ku Africa chimene akuti anakhala nacho zaka 40 ndipo chinafa patangopita masiku ochepa mwini wake atamwalira. Ine pa nkhani yonseyi ndimakonda mbalameyo.

Atamwalira mu 1702, anasiya chuma chambiri ndi lamulo lakuti agule malo a Lethington, kufupi ndi Haddington, n'kuwapereka kwa mbale wake, Walter wina, amene anadzakhala Lord Blantyre wachisanu ndi chimodzi. Chibale ndi fupa, sichiwola. Anaikapo mfundo imodzi: malowo asinthidwe dzina akhale "Lennox's Love to Blantyre", kutanthauza chikondi cha Lennox kwa Blantyre. Anthu analifupikitsa kukhala Lennoxlove, ndipo nyumbayo ikudziwika choncho mpaka pano. Chaka chotsatira, 1703, banjali linagulanso malo a Erskine kum'mwera kwa Clyde, kumene kuli chipilala chanu chija. Kunena mosabisa, chimene chinakweza banjali kuchoka pa mabwana wamba ndi chuma cha mkazi wopanda mwana, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Ma Lord a pakatiwa ndiwadumpha. Wachisanu anasonkhanitsa asilikali kuthandiza mfumu William mu 1689, ndipo pambuyo pake analipitsidwa chindapusa chifukwa chotchula nthumwi ya mfumukazi kuti ndi wabodza. Wachisanu ndi chimodzi anakana mgwirizano wa Scotland ndi England wa mu 1707, koma mu 1710 anapita kukakhala m'nyumba ya malamulo ya ku London yomweyo. Andale ndi amodzi kulikonse. Otsatira angapo anali asilikali ndipo dzina linkangodumpha kuchoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono, chifukwa ena ankafa osakwatira.

Wa chipilala chanu ndi Robert Walter Stuart, Lord Blantyre wa nambala 11, wobadwa mu 1777. Anali msilikali weniweni, anamenya nkhondo ku Egypt ndi ku Spain pa nthawi ya Napoleon, n'kufika pa udindo wa Major-General. Atapuma, anaitana Robert Smirke, mmisiri amene anajambula pulani ya British Museum, kuti amumangire nyumba yatsopano ku Erskine, ndipo ntchito inayamba mu 1828. Mu Seputembala 1830 iye anali ku Brussels pamene anthu a ku Belgium anaukira ulamuliro wa mfumu ya Netherlands. Mfuti zikulira mumsewu, mkuluyu anasuzumira pawindo kuti aone zimene zikuchitika, ndipo chipolopolo chosokera chinamupeza pomwepo. Munthu anapulumuka nkhondo zonse zija n'kukafera pawindo, pa nkhondo ya eni ake. Anzake a m'chigawo cha Renfrewshire ndiwo anamanga chipilala chija. Nyumba ya Erskine inatha mu 1845, mwini wake ali m'manda zaka 15.

Mwana wake Charles analowa dzina ali ndi zaka 11. Mu 1843 anakwatira Lady Evelyn, mwana wa Duke wa Sutherland, limodzi mwa mabanja olemera kwambiri mu Britain monse. Anabereka ana aakazi angapo ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Walter, amene monga mwa mwambo wa ku Scotland ankatchedwa Master of Blantyre, kutanthauza wodikira kulowa dzina. Ana aakazi anakwatiwa bwino: Ellen kwa Sir David Baird, Evelyn kwa Marquess wa Ailsa, Gertrude kwa William Henry Gladstone, mwana wa nduna yaikulu ya dziko. Walter ankakonda kuweta nkhosa kumpoto ku Sutherland, sanakwatire, ndipo anamwalira mu 1895 bambo ake akadali moyo. Mdalayo anakhala zaka zisanu wopanda mwana wamwamuna woti adzalowe dzina. Anatsikira kuli chete mu Disembala 1900, ndipo dzina la Lord Blantyre linatha naye, patapita zaka 294 ndi anthu khumi ndi awiri olilowa.

Apa ndi pamene Mchewa amagwira pakamwa. Kwathu mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a mbumba amakhala pansi, amayang'ana ana a alongo ake a malemuyo, amasankha, amalonga, dzina lija n'kudzuka. Ngakhale kwa Angoni kumene ufumu umatsata bambo, akuluakulu sangalole dzina kukwiriridwa mtundu ulipo, amafufuza mpaka atapeza munthu. Kwa azunguwa kulibe bwalo la akuluakulu lokambirana zimenezo. Chimene chimalamula ndi chikalata chimene mfumu inapereka pa tsiku loyamba lija. Ngati ulemuwo umayenda mwa amuna okhaokha, ndiye kuti mwana wamkazi, ngakhale akhale wanzeru chotani, ndi mwana wake wamwamuna yemwe, sawerengedwa. Mzere wa amuna ukaduka amati dzinalo lakhala extinct, latha. Amasiyanitsa ndi dormant, pamene wolowa angakhalepo kwinakwake koma palibe amene watsimikiza umboni wake. La Blantyre ndi lotheratu.

Si maulemu onse a ku Scotland ali choncho, ndipo chitsanzo chili m'nyumba yomweyo. Agogo ake aakazi a Lady Evelyn, Elizabeth, anatsala amasiye ali ndi chaka chimodzi mu 1766, ndipo abale aamuna atalimbirana dzina la Earl wa Sutherland, House of Lords, nyumba ya malamulo ya mabwana ku London, inagamula mu 1771 kuti ndi la kamtsikanako, chifukwa dzina lakale limenelo linkaloledwa kudutsa mwa mkazi. Dzina la Blantyre likanakhala la mtundu umenewo, bwenzi lilipo lero. Ine ndimaona kuti ndi lamulo lodziluma lokha: banja limene linaimirira ndi chuma cha Frances linalephera kupatsira dzina kudzera mwa Ellen.

Minda ndiyo inadutsa mwa mkazi popanda vuto, chifukwa malo ndi dzina ndi zinthu ziwiri zosiyana m'malamulo awo. Erskine ndi Lennoxlove zinapita kwa mdzukulu, William Arthur Baird, mwana wa Ellen. Lennoxlove inagulidwa ndi Duke wa Hamilton mu 1946. Nyumba ya Erskine ndiyo ingakukhudzeni inu ndi ntchito yanuyo: mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, inasanduka chipatala cha asilikali oduka miyendo ndi mikono, chotchedwa dzina la Princess Louise. Miyendo yopanga inali yosowa, ndiye dokotala wamkulu Sir William Macewen anapita kwa amisiri okhoma zombo pa Clyde, anthu ozolowera kusema matabwa molondola, nawapempha kuti azisema miyendo yamitengo. Bungwe la Erskine likusamalirabe asilikali opuma mpaka lero m'nyumba zatsopano chapafupi pomwepo, ndipo nyumba ya Smirke ija tsopano ndi hotela ya Mar Hall.

Choncho abale a magazi alipo, koma akuyenda ndi maina a Baird ndi ena otero, ndipo moni wa ku Kabula angaulandire modabwa. Moni umenewo kaperekeni kwina. Kwerani sitima pa Glasgow Central yopita ku Blantyre, ulendo wake sufika ola, mutsike n'kuyenda pansi kulowera kumtsinje. Mupeza nyumba yoyera ya Shuttle Row, imene munkakhala mabanja 24 a antchito a pafakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. M'chimodzi mwa zipindazo munabadwira Livingstone pa 19 Malichi 1813, nthawi imene Lord wa chipilala chanu anali msilikali wamkulu. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, buku atalitsamiritsa pa makina kuti aziba chiganizo chimodzi chimodzi akamadutsa. Nyumbayo pano ndi yosungiramo mbiri yake, ndipo mukawauza kuti mwachokera ku Blantyre winayo sadzafunsa kuti ali kuti. Za nyumba ya ansembe imene Walter Stewart anapatsidwa, kumunsi pang'ono kwa mtsinje, kwatsala timiyala tochepa m'thengo, ndipo njira yake ndi yamatope. Muvale nsapato zolimba.