Yankho kwa asuweni pa funso la bere limodzi

Moni nonse a pabanja, makamaka inu asuweni amene mwafunsa kuti kodi mwana wa miyezi inayi angakhute poyamwa bere limodzi lokha. Ndasankha kuyankha ndi pakamwa chifukwa zimene ndikufuna kunena sizingakwane polemba. Yankho lake ndi lakuti inde angakhute, popeza bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira, ndipo n'chifukwa chake mayi wa mapasa amakwanitsa. Komatu funso lanuli mwalitumiza 2 koloko usiku, ndipo ine ndinakudziwani kalekale, muli kamtsikana kobisa chilonda cha pabondo poopa jakisoni.

Dikirani pang'ono, nditsitse wailesi... Eya.

Mukukumbukira jekete ya amalume aakulu? Chinali chaka chimene denga la anganga linasasuka ndi mphepo... ayi, ndalakwitsa, chinali chaka chotsatira, pakuti malata anali atakhomedwa kale. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lino limene limawotcha mchenga mpaka nkhuku kuyenda modumpha, amalume ankapita kudooko kukagula usipa atavala jekete yochindikala, atamanga mabatani mpaka m'khosi. Anthu akawafunsa ankayankha kuti akumva mwera, pamene nyanja ili bata ngati madzi a mumtsuko. Madzulo ena anandiitanira kuseri kwa thandala la usipa n'kundinong'oneza kuti mnzawo wina wa pa ukonde wa chilimira watupa pachifuwa, pafupi ndi nsonga ya bere, ndiye akufuna kudziwa mankhwala ake. Ine ndi uchitsiru wanga ndinafunsa dzina la mnzawoyo, iwo n'kukwiya kuti ana a masiku ano mulibe mwambo.

Mnzawo uja anadziwika tsiku limene azakhali anapeza malaya othimbirira ndi mafinya atabisidwa pansi pa mphasa. Anali atatemeratu mphini kawiri, n'kupakamo zakudazakuda. Tinawakweza njinga, tinawoloka nawo mlatho wa pa Shire, iwo akung'ung'udza njira yonse kuti mwamuna alibe bere ndipo tikuwachititsa manyazi. Kuchipatala anapeza kuti chinali chithupsa chachikulu, anachiboola, anawapatsa mankhwala, ndipo patapita masiku ochepa jekete ija inabwerera m'sutukesi. Adokotala anawauza kuti akanafulumira kubwera chithupsacho sichikanafika pofuna mpeni, anawonjezanso kuti amuna nawonso amadwala matenda a m'mawere, ngakhale khansa imene, kungoti sizichitikachitika. Amalume, ngati mukumvetsera, pepani, koma nkhaniyi inasiya kale kukhala chinsinsi.

Tsono asuweni, ine ndikuganiza kuti bere linalo likukuvutani, ndipo mwayamba kulipewa. Mwina ndaphonya, koma sindikukhulupirira. Ngati latupa, lauma mbali imodzi, likutentha ndi kupweteka, inu n'kumazizidwa ngati mwayamba malungo, kawirikawiri amakhala mkaka umene sukutuluka bwino, ndipo nthawi zina tizilombo timalowera pa ming'alu ya kunsonga. Ine zinandichitikira pa mwana wachiwiri... ayi, wachitatu, uja wobadwa nthawi ya mango. Mkaka wa bere lotero si woola ayi, musamvere zoti mwana atsegula m'mimba. Muziyamwitsabe mbali imeneyo, akakana muzikama pang'ono kuti lipepuke, muziikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, koma musalikande mwamphamvu monga amachitira anthu ena, chifukwa kutero kumangowonjezera kutupa. Musathamangirenso phala kapena madzi poganiza kuti sakukhuta, pakuti mpaka atakwana miyezi 6 chakudya chake ndi bere basi, monga amatiuzira kusikelo.

Pali china chimene ndakhala ndikuchizungulira, ndipo ndichinene tsopano. Ngati chimene mwachikhudza ndi chotupa cholimba chosapweteka, chimene sichichepa mwana akayamwa, kapena nsonga yalowa mkati, kapena khungu lasanduka ngati khoko la lalanje, kapena mukutuluka magazi, kapena m'khwapa mwabwera mwanabere, zimenezo sizidikirira kuti mwana aleke kuyamwa. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, makamaka kwa mayi woyamwitsa, koma amene angasiyanitse si ine, si inu, si gulu lino. Mawa m'mawa mupite kuchipatala akalione bere limenelo ndi kuligwira. Akaona kuti pakufunika kuyeza mozama adzakulemberani kalata ya ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo za thiransipoti tidzasonkherana.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti mumangofunsira mnansi wanu, popeza magazi a amalume ndi omwewo. Chabwino, mnansiyo mumuuze kuti mawa apite kuchipatala, atenge buku lake lachipatala, ndipo akafika asakanene kuti mutu ukuwawa ayi, akanene za bere.

Achimwene, inu amene mwakhala mukutumiza tizithunzi toseka, mawa kutunga madzi ndi kusesa ndi kwanu. Asuweni, ine ndifika pakhomo panu 6 koloko, mwana ndibereka ndine, inu mungonyamula bukulo ndi chitenje chapadera, tipite akalione. Mukandibisalira kubafa ndidzakhala pakhonde mpaka mutuluke.