Rabi Amene Anakana Kudyera pa Chilamulo

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku New York wanditumizira funso pa imelo. Akufuna kudziwa kuti Maimonides, amene dzina lake linaperekedwa ku chipatala china ku Brooklyn, anali ndani, komanso chifukwa chimene anzawo achiyuda amamutchulira rabi pamene mayiwo ankayesa kuti anali dokotala.

Mayi, inu ndi anzanuwo nonse mukulondola, ndipo zimene zinachititsa kuti munthu mmodzi asenze ntchito ziwirizi ndi maliro. Maimonides, amene dzina lake lenileni linali Moses ben Maimon ndipo Ayuda amamutchula mwachidule kuti Rambam, anabadwira ku Córdoba, m'dziko la Spain, cha mu 1138. Mu 1148 mzindawo unagwa m'manja mwa a Almohad, olamulira amene sankalola Ayuda ndi Akhristu kupembedza mwaufulu, motero banja lake linasamuka, linakhalako ku Fez, ku Morocco, kenako linakakhazikika ku Fustat, pafupi ndi Cairo.

Kumeneko mng'ono wake David, amene ankagulitsa miyala ya mtengo wapatali, ndiye ankadyetsa banja kuti mkulu wake asachoke pa mabuku. David anamira m'nyanja akupita ku India, chuma cha banja chinamira naye, ndipo anasiya mkazi ndi mwana wamng'ono. Rambam analemba yekha kuti chisoni chinamugoneka pamphasa pafupifupi chaka chathunthu. Atadzuka, njira yapafupi inali yoti Ayuda a ku Egypt azimulipira monga mphunzitsi wawo, koma iye anali atalemba kale modzudzula aphunzitsi amene amasandutsa Chilamulo munda wodyerapo. Choncho anatembenukira ku udokotala, mpaka anafika pothandiza nduna yaikulu ya Saladin, wolamulira wa Egypt pa nthawiyo, ndi a m'banja lachifumu.

Kalata imene analembera womasulira mabuku ake, Samuel ibn Tibbon, mu 1199 imasonyeza kulemera kwa chisankho chimenechi. M'mawa uliwonse ankakwera chiweto kupita kunyumba yachifumu ku Cairo, ndipo akabwerako masana, njala itamupweteka, ankapeza khomo lake litadzaza odwala, Ayuda ndi anthu a mitundu ina. Ankasamba m'manja, n'kuwapempha kuti adikire adyeko kachakudya kake kamodzi ka tsikulo, kenako ankawaona mpaka usiku, nthawi zina akulemba mankhwala ali chogona chifukwa cha kutopa. Kuphunzitsa anthu ake kunkatsalira tsiku la Sabata.

Ulemu wake ngati rabi unachokera makamaka pa Mishneh Torah, mabuku 14 amene anawamaliza cha mu 1180. Malamulo achiyuda anali omwazikana m'mitsutso yaitali ya Talmud, mabuku akale a zokambirana za aphunzitsi achiyuda, ndipo iye anawasonkhanitsa mutu ndi mutu m'Chihebri chomveka bwino. Si onse anakondwera, pakuti arabi ena anamudzudzula kuti sanatchule kumene anatenga chigamulo chilichonse, ndipo ine ndimaona kuti dandaulo limeneli linali lomveka. M'mabuku omwewa anaikamo masitepe asanu ndi atatu a kuthandiza osauka, ndipo sitepe yapamwamba koposa ndi kupatsa munthu ngongole, ntchito kapena gawo pa malonda kuti asafike popempha. N'zovuta kuwerenga mawu amenewo osakumbukira David.

Buku lake lina, limene analemba m'Chiarabu cha Ayuda cha mu 1190 pofuna kugwirizanitsa Malemba ndi nzeru za Aristotle, katswiri wakale wachigiriki, linautsa mkangano woopsa, moti linatenthedwa ku France m'zaka za m'ma 1230, komabe Thomas Aquinas, katswiri wachikhristu, analiwerenga ndi kulitchula m'zolemba zake. Rambam anamwalira mu 1204, ndipo manda ake ali ku Tiberias. Chipatala chachikulu cha ku Haifa nachonso chimadziwika ndi dzina lake.

Mungadzaone pakhoma la chipatala china pemphero la dokotala limene amati ndi la Maimonides. Liwerengeni, ndi lokoma, koma akatswiri a mbiri amati linalembedwa ku Germany m'zaka za m'ma 1700, mwini dzinalo atamwalira kalekale.