Basi yachikasu ija ikaima, inunso imani

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene asamukira ku New York chaka chathachi. Akuti: "Ndalandira kalata kunyumba yoti ndilipire $250 ati ndinadutsa basi ya sukulu itaima. Koma ine ndinali mbali inayo ya msewu, pakati pali kakhoma, ndipo wapolisi sanandiimitse. Si akuba amenewa? Ndingoisiya?"

Achimwene, pepani ndithu, koma musaisiye. Ndipo ndikuuzeni zoona, mwagwa pofewa.

Vuto lathu ife obwera kumene ndi loti m'mutu mwathu basi ikaima timaona ngati minibasi yaima pa siteji kutsitsa anthu, umangoyang'ana kutsogolo ngati kulibe galimoto, kuimba hutala pang'ono nkuovateka basi. Ku America basi yachikasu ija ndi nkhani ina. M'masiteti (zigawo za dzikolo) onse 50 ndi mlandu kuidutsa ikayatsa magetsi ofiira nkutambasula kachikwangwani ka STOP kam'mbali kaja. Imayamba yaphethira magetsi achikasu, kukuuzani kuti ndikuima posachedwa, ofiira akayaka ndiye kuti ana akukwera kapena kutsika, ndipo ena mwa iwo awoloka msewu kutsogolo kwa basiyo komwe inu simukuwaona.

Tsono zakakhoma mukunenazi ndi pomwe ambiri amakodwa. M'masiteti ambiri, msewu ukakhala wogawidwa ndi khoma kapena kapinga pakati, amene akuchokera kutsogolo saima. New York ayi. Kumeneko mumaima mbali zonse ziwiri ngakhale pali chogawa pakati. Mwina amene anakuphunzitsani anazolowera kwina, koma lamulo la komwe mukukhalako ndi limenelo, ndiye mfundo yanuyo kukhoti siikuthandizani.

Za wapolisi, chiyambire 2019 New York inaloleza kuika makamera pa mabasi a sukulu. Kamera ikajambula nambala, kalata imapita kwa mwini galimoto, kaya amayendetsa ndi iyeyo kaya msuweni wake amene anabwereka. Koyamba ndi $250, mukabwereza miyezi 18 isanathe ndi $275, kachitatu $300. Ubwino wake tikiti ya kamera ilibe mapointi pa laisensi, aja amakulemberani mukalakwa pamsewu, oti akachuluka laisensi amaiimitsa. Akanakhala wapolisi wakugwirani pompo, chindapusa chikanakhala pakati pa $250 ndi $400, kuphatikiza mapointi, woweruza atha kukutsekerani mpaka masiku 30, kenako a inshuwalansi nawonso amabwera kudzakukwezerani mtengo, ndipo mukapezeka olakwa katatu m'zaka zitatu laisensi amalanda. Kwa munthu amene amadya za galimoto, kaya Uber kaya kukagwira mashifiti kutali, ndiye kuti mphika wagubuduzika.

Anzathu a masiteti ena musati mwapulumuka. Ku Pennsylvania wapolisi akakugwirani ndi $250, mapointi 5, laisensi nkuimitsidwa masiku 60. Tangoganizani miyezi iwiri mukupempha lifiti m'nyengo yachisanu. Ku Texas chindapusa chimayambira $500 kukafika $1,250.

Ine poyamba ndinkaona ngati akungofuna ndalama, ndipo sindikana kuti makamerawa amalowetsa ndalama zambiri, anthu akumeneko nawonso amadandaula. Koma nkhani ya ku Indiana inandikhazika pansi. Pa 30 October 2018, m'mamawa kusanayere, kufupi ndi tauni ya Rochester, kum'mwera kwa South Bend komwe kuli a Malawi anzathu ambiri, mayi wina woyendetsa pikapu anadutsa basi itaima nkugunda ana anayi amene amawoloka kukakwera. Atatu a mimba imodzi anafera pompo, mtsikana wa zaka 9 ndi alongo ake amapasa a zaka 6. Mayiyo sanali woledzera, anangoti sanazindikire kuti magetsiwo ndi a basi ya sukulu. Anagamulidwa zaka zinayi m'ndende, ndipo mu 2019 Indiana inakhwimitsa zilango. Mawu akuti "sindinazindikire" aja ndi omwewo amene ife tonse timanena tikalandira kalata.

Ndiye chitani izi. Pa kalatapo pamakhala nambala yoti mukaonere vidiyo yanu pa intaneti, ioneni bwinobwino. Ngati galimotoyo si yanu, kapena inali itabedwa, kapena kachikwangwani kanali kasanatuluke pomwe mumadutsa, tsatirani zomwe alemba pofuna kutsutsa tsiku lomwe aikalo lisanadutse. Ngati vidiyo ikuonetsa inuyo mukudutsa magetsi ali psuu, lipirani msanga asanawonjezere ya kuchedwa, musadikire kuti ayiwala chifukwa kompyuta siiwala.

Ndipo mawa mukaima, dikirani mpaka kachikwangwani kapindidwe ndi magetsi ofiira azime. Wakumbuyo akaimba hutala musiyeni aimbe, kalata ikamabwera siilembedwa dzina lake.