Gasi wa ndowe: kuphikira kapena jenereta?

Owerenga athu ena a ku Thyolo atilembera imelo. Ali ndi ng'ombe zinayi za mkaka zodyera m'khola, ndipo akufuna kumanga thanki ya bayogasi, gasi woyaka wochokera ku ndowe zoola. Akufunsa kuti gasiyo angawapindulire pati: pophika, pa jenereta, pounikira, kapena pomuthira m'masilinda n'kumagulitsa?

Bambo, tiyambire m'kholamo. Ng'ombe ya mkaka yosapita kudambo imapereka ndowe zokwana makilogalamu 15 kapena kuposerapo patsiku. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi, mukaisungunula ndi madzi lita imodzi, imatulutsa gasi wa malita pafupifupi 40. Ndiye kuti ng'ombe zanuzo zikupatsani malita 2,400 patsiku. Chuma chonse ndi chimenechi, ndipo funso ndi lakuti muchiotchere pati.

Ife tikuti phikirani. Mbaula ya gasi ya moto umodzi imadya malita pafupifupi 400 pa ola, kotero muli ndi maola asanu ndi limodzi a moto: phala la m'mawa, nsima kawiri, ndiwo, madzi otsukira zigubu za mkaka, ngakhale nyemba. Malita 1,000 a gasi amagwira ntchito ya makala olemera kilogalamu ndi theka. Pamwezi mwapulumutsa makala oposa makilogalamu 100. Funsani mtengo wa thumba pamsika wa Bvumbwe, muwerengere nokha. Onjezani poti amayi sadzalowanso m'khitchini ya utsi, ndipo mapoto sadzada.

Jenereta imakopa ambiri, koma masamu ake ndi owawa. Injini yaing'ono imasandutsa magetsi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu ya gasi, yotsalayo imatha ngati kutentha. Malita 2,400 aja angakupatseni mayunitsi atatu okha a magetsi patsiku, kapena 90 pamwezi, ndipo kukhitchini sikutsala kanthu. Yerekezani mtengo wa mayunitsi 90 a ESCOM ndi wa makala a mwezi wathunthu, muona pamene pali ndalama. Vuto lina ndi hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lowola umene umabwera limodzi ndi gasiyu. Ukakumana ndi chinyontho umasanduka asidi, umawononga oyilo ndi kudya zitsulo za m'kati mwa injini. Pamafunika sefa yodzaza steel wool wa dzimbiri, womusintha akada, komanso kusintha oyilo pafupipafupi. Jenereta imayamba kupindulitsa pa famu ya ziweto zambiri imene kale imagula dizilo tsiku ndi tsiku, monga yoziziritsa mkaka kumene magetsi sanafike.

Nyale ya gasi isiyeni. Imadya malita oposa 100 pa ola, kansalu kake koyaka kamaphwanyika mukangokagwedeza, pomwe kasola kakang'ono ndi mababu a LED zimawala bwino pamtengo wochepa. Kutentha kwa gasi kumathandiza kwina: kufunditsa anapiye m'masabata awo oyamba, m'malo mwa mbaula ya makala.

Za masilinda iwalani, chonde. LPG, gasi wophikira wogulitsidwa m'masilinda, amasanduka madzi akapanikizidwa pang'ono, n'chifukwa chake amalowa wambiri m'silinda. Methane, mpweya umene umayaka mu bayogasi, satero. Amafuna kuyeretsedwa kaye kenako kupanikizidwa mwamphamvu kwambiri, mpaka muyeso wa 200 bar, ndi makina odula kuposa khola lanu lonse. Kupopera bayogasi m'silinda ya LPG n'kuika moyo pachiswe.

Musaiwale phala lotuluka kuseri kwa thanki. Ndowe zikaola m'menemo, chakudya cha mbewu chimatsalamo pafupifupi chonse. Thirani ku nthochi, ku masamba ndi ku nsenjere za ng'ombe zomwezo, koma lisungeni pamthunzi, chifukwa likauma padzuwa nayitrojeni amauluka. Ndi mmene wadulira feteleza, phalali limabweza gawo lalikulu la ndalama zomangira.

Kwanuko mu June ndi July kukazizira gasi amachepa, choncho sungunulirani ndowe madzi amene akhala padzuwa. Madzi a sopo, a dibi, ndi ndowe za ng'ombe yomwe ikubayidwa mankhwala zisalowe m'thanki, zimapha tizilombo topanga gasi. Moto ukayamba kuphethira, tsegulani kampopi ka pamalo otsika a paipi, mutaye madzi amene adikhamo.