Zoo yabwino kwa njovu mungaidziwe bwanji?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a pulayimale ku Lizulu. Mlongo wawo amene ali kunja anawatumizira mavidiyo awiri a njovu za mu zoo, malo osungirako nyama zakutchire kuti anthu azikaziona. Yoyamba ikuonetsa kapinga wobiriwira, dziwe la madzi oyera ndi miyala yokongoletsa, njovu ili yokha, ikugwedeza mutu uku ndi uku. Yachiwiri ndi bwalo lafumbi, zipika zili mbweee, njovu zinayi zikukankhana pamatope. Ana a Sitandade 7 asankha yoyamba, ati njovuyo ikuvina chifukwa chosangalala. Funso la aphunzitsiwa ndi lakuti: malo abwino ndi ati, ndipo munthu angayerekeze bwanji zoo ina ndi inzake?

Aphunzitsi, pepani kuti ndikukhumudwitsirani ana, koma njovu imeneyo sikuvina. Kugwedeza mutu kobwerezabwereza kotere, kapena kuyenda mzere umodzimodzi mpaka kupanga kanjira, kumaoneka pa nyama zimene zakhala nthawi yaitali zopanda chochita kapena zopanda anzawo. Ku Liwonde mungakhale tsiku lonse osaona njovu ikutero. Kapinga ndi madzi oyera aja anakonzera maso a alendo olipira pageti. Kapinga akakhala wosapondedwa pamalo pamene pali njovu, dziwani kuti mwina njovuyo siiloledwa kufikapo, chifukwa nyama imeneyi sisiya msipu uli chilili.

Ine ndikamayerekeza ndimayamba kuyang'ana pansi. Njovu yamphongo yaikulu imatha kulemera matani 6, ndipo kulemera konseko kumatsikira pa kachikhatho kofewa ka mafuta kamene kali pansi pa phazi. Kutchire imaponda mchenga, matope, miyala ndi udzu, zikhadabo zimaperepeseka zokha, phazi limauma n'kunyowa mosinthasintha. Mukaiimika pa simenti maola ambiri, nthawi zina m'mikodzo yake yomwe, zikhadabo zimang'aluka, mafinya amalowa, kenaka nyamakazi. Aliyense woweta ng'ombe ku Ntcheu kuno amadziwa zimene zimachitikira ziboda khola likakhala lamatope okhaokha dzinja lonse. Kwa njovu vuto ndi lomwelo, kungoti chinthu chowononga ndi kulimba kwa simenti. Njovu yodwala mapazi imasiya kuyenda, ikasiya kuyenda imanenepa, ikanenepa mapazi aja amapwetekeratu. Ndiye chifukwa chake zoo ngati ya ku Dublin ku Ireland inathira mchenga wakuya ngakhale m'nyumba yogona njovu, kuti zizitha kugona chammbali potsamira mulu wa mchenga.

Nyumba yogonayi ndi imene mavidiyo sakuonetsani. Kumaiko ozizira njovu zimakhala m'nyumba maola ochuluka nyengo yachisanu, ndiye bwalo lakunja likhoza kukhala lokongola pamene moyo weniweni wa nyamayo uli m'kachipinda. Mlongo wanu akadzapitanso afunse osamalira nyama kuti usiku njovu zimagona pati, ndipo zitseko zimakhala zotsegula kapena ayi.

Chachiwiri ndi anzake. Kutchire njovu yaikazi imabadwira m'banja n'kuferamo: agogo, amayi, azakhali ndi ana, onse pansi pa mayi wamkulu amene amakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala. Amphongo amachoka akakula, koma nawonso amayenda ndi amphongo anzawo. Mu 2016 akatswiri anafalitsa kafukufuku wa njovu 255 za m'ma zoo 68 a ku North America, ndipo zimene anapeza zinadabwitsa ambiri. Kukula kwa bwalo pakokha sikunali kumene kumasiyanitsa njovu yathanzi ndi yovutika. Zimene zinaonekera kwambiri ndi nthawi imene njovu imakhala pamalo olimba, kuchuluka kwa anzake, ndi kadyetsedwe. Njovu zokhala m'gulu lalikulu sizinkagwedeza mutu kwambiri, pamene zosungidwa zokha ndi zosamutsidwa kawirikawiri kuchoka zoo ina kupita ina zinkatero kwambiri. Eni zoo ena anakondwa nazo ngati kuti awauza kuti malo ochepa alibe vuto. Ine sindiwerenga choncho. Mabwalo onse amene anayerekezedwa ndi aang'ono poyerekeza ndi tchire, ndiye kafukufukuyo sakanatha kuyeza ubwino wa malo aakuludi. Liwonde yokha ndi masikweya kilomita 548.

Za chakudya ndi izi: njovu imatha maola 16 kapena kuposerapo pa tsiku ikudya, kuthyola nthambi, kusenda makungwa, kukumba mizu. Zoo imene imaunjika udzu pakona m'mawa ndi madzulo yaibera nyamayo ntchito yake ya tsiku lonse. Zipika zija zimene ana anaona ngati zinyalala ndi chizindikiro chabwino.

Mwina mukufunsa ngati zonsezi zimaoneka pa kutalika kwa moyo. Kafukufuku wina wa mu 2008, wotuluka m'magazini ya Science, anapeza kuti theka la njovu zazikazi za ku Africa zobadwira m'ma zoo a ku Ulaya zinkafa zisanakwanitse zaka 17, pamene kutchire, ku paki ya Amboseli ku Kenya, tikachotsapo zophedwa ndi anthu, theka zinkafika zaka 56. A zoo anadandaula kuti ziwerengerozo zinaphatikizamo zaka zakale pamene chisamaliro chinali chachabechabe, ndipo pang'ono akunena zoona. Komabe kusiyanako n'kwakukulu moti sikungafufutike ndi dandaulo limenelo.

Zoo zina zinaona kuti sizingakwanitse. Ya ku London inasamutsira njovu zake ku Whipsnade, zoo ya malo aakulu kunja kwa mzinda, mu 2001, ya ku Detroit ku America inatumiza zake kumalo opumirako nyama ku California mu 2005. Kufupi kuno, njovu yomaliza ya zoo ya ku Pretoria, Charlie, imene inagwidwa ili yaing'ono ku Hwange ku Zimbabwe n'kudutsira ku sekasi (zisudzo zoonetsa nyama zikuchita masewera), inapititsidwa kumalo otetezedwa a Shambala ku Limpopo mu 2024. Ku zoo ya ku Johannesburg, njovu yaikazi Lammie atatsala yekha mu 2018 mnzake Kinkel atafa, anthu anapempha kuti amusamutse, koma zoo inabweretsa njovu zina ziwiri mu 2019, ndipo mkangano sunathere pomwepo.

Ndiye pa mavidiyo anuwo, yafumbi ija ndiyo yapambana, ndipo sindikukayika. Koma musawasiye ana ndi maganizo oti njovu ndi nyama ya pafoni. M'nkhalango ya Dedza-Salima ndi ya Thuma muli njovu, ndipo alimi okhala m'mphepete mwake angakuuzeni zambiri za chimanga chawo zimene sizosangalatsa. Dziko lathu linasamutsa njovu zoposa 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, zambiri kupita ku Nkhotakota, ndipo ankanyamula banja lonse pamodzi, osapatula mayi ndi mwana. Ngati komiti ya sukulu ingapeze ya minibasi, kuchoka ku Lizulu kudzera ku Balaka mukafika ku Liwonde m'mawa womwewo. Sankhani miyezi ya Seputembala kapena Okutobala, pamene zithaphwi zauma ndipo njovu zimatsikira ku Shire kukamwa madzi.