Mafunso a Owerenga: Wotchi Yotsanzira ya Chronograph Ikumangoima

Funso: Akonzi, mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera wotchi yapamkono yolembedwa Rolex Daytona, ndipo sanandibisire kuti si yeniyeni koma yongotsanzira. Ilibe batire, imadzikunga yokha mkono ukamayenda, moti ndikagwedeza dzanja ndimamva chinthu chikuzungulira m'kati. Kamuvi kakang'ono ka masekondi kali pansi, pa 6. Poyamba inkayenda bwino, koma masiku ano ikumaima usiku, ndipo ndikadina batani loyambitsa muvi wautali wowerengera masekondi (mbali imeneyi ya wotchi ndiyo amati chronograph), wotchi yonse imayenda pang'ono kenako n'kuima. Muviwo sukubwereranso pa 12 ndendende. Mmisiri wina ku Old Town akuti athiremo oyilo wa makina osokera. Kodi ndilole, kapena ndingoitaya? Ndine wowerenga wanu wa ku Area 25.

Yankho: Bambo, oyilo wa makina osokerayo musalole, komanso wotchiyo musafulumire kuitaya. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, zikuoneka kuti m'wotchi yanu muli injini yopangidwa ku China motengera injini yotchuka ya ku Switzerland yotchedwa Valjoux 7750. Injini yeniyeniyo inakonzedwa ndi Edmond Capt m'zaka za m'ma 1970, imagunda ka 28,800 pa ola, ndipo imadziwika kuti ndi yolimba. Chitsulo chake chokunga sipuling'i, chimene amisiri amati rotor, chimakunga chikamazungulira mbali imodzi yokha. Chikatembenukira mbali inayo chimangozungulira mwaufulu, ndipo n'chimene mumamva pamkono panucho. Chimenecho si vuto ayi.

Vuto lagona pa malo a kamuvi ka masekondi. Pa 7750 yachibadwa kamuvi kameneka kamakhala pa 9, kowerengera mphindi 30 kamakhala pa 12, ndipo kowerengera maola 12 kamakhala pa 6. Koma Daytona yeniyeni, kuyambira mu 2000 pamene Rolex inaikamo injini yakeyake ya 4130, ili ndi masekondi pa 6. Kuti wotchi yawo ifanane ndi imeneyo pamaso, otsanzirawo amawonjezera timagiya pansi pa nkhope ya wotchi, toti tizitenga mphamvu pa 9 n'kukaipereka pa 6. M'mawotchi ambiri otere timagiya timeneti timangokhuzana ndi chitsulo popanda timiyala ta rube tochepetsa kukhulana, ndipo mphamvu imene tikudyayo tikuitenga kumapeto kwa mndandanda wa magiya, kumene imafika itachepa kale. Tsono mukadina batani lapamwamba, muvi wautali uja nawonso umayamba kukoka mphamvu pa giya yomweyo ya masekondi. Zimakhala ngati wakabaza amene akupalasa movutikira pamtunda, wina n'kumukwezeranso thumba la chimanga: amapita patsogolo pang'ono, kenako amatsika njinga.

Chowonjezera pamenepo n'chakuti mainjini otsanzirawa kawirikawiri amachoka kufakitale ali ouma m'malo ofunika oyilo, ali ndi oyilo wochuluka m'malo osafunika, ndipo nthawi zina muli tizidutswa ta chitsulo ndi ulusi totsalira powamanga. Ichi n'chifukwa chake wotchi imayenda bwino miyezi yoyambirira kenako n'kuyamba kufooka, ngakhale palibe chimene chathyoka.

Musanapite kwa mmisiri aliyense, yesani izi kunyumba. Masulani kachitsulo ka m'mbali kokonzera nthawi, mukungire wotchiyo pamanja maulendo 30 kapena 40 modekha, muonetsetse kuti muvi wautali ndi woima, ndipo muiike pathebulo osaikhudza. Injini ya mtunduwu ikakhala yabwino imayenda maola opitirira 40. Ikayenda tsiku ndi theka, ndiye kuti vuto la kuima usiku lili pa mbali yodzikungayo, kapena mkono wanu suyenda mokwanira masana, monga zimachitikira anthu okhala pa desiki tsiku lonse. Ikaima patangopita maola ochepa, dziwani kuti pena pake pakukhulana, ndipo ikufunika kutsukidwa.

Kutsuka kumene ndikunenaku si kutsegula kumbuyo n'kudonthezamo mafuta. Mmisiri amayenera kuphwasula injini yonse, kutsuka kachidutswa kalikonse, n'kumanganso akuika oyilo wa mawotchi, amene amakhala wa mitundu ingapo: wopepuka wa magiya othamanga, wolemererapo wa magiya oyenda pang'onopang'ono, ndi girisi wa tizitsulo tokankhana ta chronograph. Kadontho kake kamakhala kochepa moti amakaika ndi kansonga ka waya akuyang'ana pa galasi lokulitsa. Oyilo wa makina osokera sakhala pamalo amodzi, amayenderera mpaka kukafika pa kasipuling'i kopyapyala kamene kamalamulira kagundidwe ka wotchi. Mizere ya kasipuling'iko ikamatirirana, wotchi imathamanga mopenga kapena kuimiratu, ndipo fumbi lililonse lolowa limakakamira pomwepo. Ntchito imene ikanakhala yongotsuka imasanduka yaikulu.

Timagiya towonjezera tija tili ndi njira zake. Amisiri ena amasalaza malo amene timakhulawo n'kupakapo mafuta ochepa kwambiri, ena odziwa kwambiri amaikapo timiyala ta rube, koma njira yotsika mtengo ndi kungotichotsamo. Mukatero kamuvi ka pa 6 kamaima mpaka kalekale, koma wotchi imapeza mpumulo n'kumasunga nthawi bwino. Ine ndikuona kuti kwa munthu amene akufuna wotchi yoti izimuuza nthawi, njira imeneyi si yochititsa manyazi. Ngati mmisiri wanu ali ndi makina oyezera otchedwa timegrapher, mupempheni akuonetseni manambala: wotchi yokungidwa mokwanira, itagonekedwa chagada, iyenera kuonetsa amplitude (kukula kwa kagwedezeke ka kagudumu kamene kamagunda m'kati) ya madigiri pafupifupi 270 mpaka 310, ndipo nambalayo isagwe kwambiri muvi wautali ukayambitsidwa.

Za muvi wosabwerera pa 12, onetsetsani kaye kuti ukuima pati. M'kati muli kachitsulo kooneka ngati mtima kamene kamamenyedwa ndi kanyundo mukadina batani lapansi, ndipo muvi umabwerera mwamphamvu m'kuphethira kwa diso. Ngati nthawi zonse ukuima pamalo amodzi olakwika, mmisiri angouzula n'kuubwezera molunjika. Ngati lero waima pa sekondi 58, mawa pa sekondi 3, ndiye kuti kachubu kamene kamagwira muviwo kakhwepa ndipo kakuterereka. Kamafunika kukafinya kapena kusintha muvi. Ukakonzedwa, muzolowere kuimitsa kaye ndi batani lapamwamba musanadine lapansi, muziubweza uli pafupi ndi 12 kuti usadumphe mtunda wautali, ndipo musausiye ukuyenda tsiku lonse pofuna kukongoletsa. Owerenga ena amene ali ndi 7750 yoonetsa deti akumbukirenso kusasintha detiyo pakati pa 8 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo magiya a deti amakhala atalumana kale ndipo mano ake amathyoka.

Nyengo yathu ya ku Lilongwe nayonso siichitira chifundo wotchi yotere. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowera pa mabatani, ndipo mvula ikayamba chinyezi chimadzera momwemo, popeza timphira totsekera madzi m'mawotchi otsanzira kawirikawiri timakhala touma. Mawu olembedwa pankhope pake akuti imapirira madzi akuya mamita 100 musawakhulupirire. Muzivula posamba ndi pochapa, muzimanga mabatani ake, ndipo mukaona nthunzi pansi pa galasi mupite nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire.

Posankha mmisiri, mufunseni mosapita m'mbali ngati anaphwasulapo chronograph n'kuimanganso. Ambiri okhala m'makonde a masitolo ndi akatswiri pa mabatire, malamba ndi magalasi, koma injini iyi ili ndi tizidutswa tochuluka, ndipo kakatayika kamodzi sikapezeka msanga kuno. Ngakhale zipangizo zenizeni za ETA, kampani ya ku Switzerland yopanga 7750, sizilowa zonse m'malo mwa zotsanzirazi. Ku Rolex nakonso sangailandire. Ngati chathyoka n'chachikulu, nthawi zambiri kuitanitsa injini ina yathunthu ya mtundu womwewo kumatchipa kusiyana ndi kusakasaka kachidutswa kamodzi. Maganizo anga ndi akuti muitsukitse kamodzi ngati mtengo wake ndi wochepera ndithu pa mtengo wa wotchiyo. Ikadzayambiranso, musapitirize kuthirapo ndalama, ndipo mukadzafuna kuigulitsa mudzamuuze wogulayo kuti ndi yotsanzira, monga anachitira achimwene anu.

Funso: Ndinagulira amuna anga wotchi ya chronograph ya batire pa kaunjika. Chisinthireni batire, muvi wautali ukuima pa sekondi 57 m'malo mwa pa 12. Kodi yawonongeka? Ndine mayi wa ku Kawale.

Yankho: Mayi, n'kutheka kuti sinawonongeke. M'mawotchi ambiri a batire, monga okhala ndi injini za Miyota za ku Japan, muvi umenewu umayendetsedwa ndi kamota kakekake, ndipo batire likachotsedwa wotchi imaiwala pamene panali poyambira. Kokani kachitsulo kokonzera nthawi mpaka kumapeto, kenako muzidina batani lapamwamba. Muviwo uzisuntha pang'onopang'ono, ndipo ukafika pa 12 mukankhire kachitsuloko m'malo mwake n'kukonza nthawi. Ngati sukusuntha, mwina muli injini ya Seiko ya mtundu wa VK, imene imabweza muvi ndi kanyundo ngati wotchi yokunga, ndipo pamenepo mmisiri ayenera kuuzula n'kuuika molunjika, ntchito imene sitenga nthawi yaitali.