Reel yaing'ono kwambiri si yankho la nyambo zopepuka

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo masiku apitawa, imodzi yandikhudza kwambiri chifukwa funso lake ndi lomwe linandizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Wolemba kalatayo akuti ali ndi ndodo yowedzera yopepuka ya mamita 2.1, amaponya nyambo zopanga zolemera magalamu 2 mpaka 7, ndipo akufuna kudziwa ngati agule spinning reel, kachipangizo kokulungira chingwe kamene kamamangidwa pandodo, ya saizi 1000 kapena 2500, komanso ya mtundu wanji.

Pamene ndinkayamba kuwedza ndi zipangizo zopepuka, ndinkakhulupirira kuti popeza nyambo ndi yaing'ono, mbedza ndi yaing'ono ndipo chingwe ndi chopyapyala, reel nayonso iyenera kukhala yochepetsetsa. Ndinagula ya saizi 1000, ndipo chimene chinandikopa kwambiri chinali kuchuluka kwa ma ball bearing (tizitsulo tothandiza kuti reel izizungulira mosalala) kolembedwa ndi zilembo zazikulu pabokosi. Ndinakulungamo fluorocarbon, chingwe chosaoneka bwino m'madzi, ya mphamvu ya mapaundi 6 chifukwa madzi amene ndinkawedzamo anali oyera moti nsomba zinkaona chingwe chilichonse chokhuthala. Nditaponya kangapo, chingwe chinadumpha pa spool, gawo la reel lokulungapo chingwe, chili chopotanapotana ngati sipuling'i, n'kukakolana pamphete yoyamba ya ndodo. Ndinakhala pamwala ndikumasula mfundozo ndi zikhadabo, dzuwa likukwera, nthawi yabwino ya m'mawa imene nsomba zimadya ikundidutsa, mpaka ndinadula gawo lonse lokolanalo n'kumanganso. Zimenezi zinabwerezeka maulendo ambiri, ndipo nthawi yonseyo ndinkaimba mlandu mphepo kapena dzanja langa.

Chifukwa chenicheni ndinadzachimvetsa mochedwa. Fluorocarbon ndi chingwe chosafewa, chimene chimasunga maonekedwe a chinthu chimene chakulungidwapo, ndipo spool ikachepa m'mimba mwake, timizere ta chingwecho timakhala tothina kwambiri moti timafuna kudzimasula tokha. Nyambo ya magalamu 3 ilibe mphamvu yowongolera chingwe choterocho poponya, ndipo pokoka imabwera chingwe chili cholendewera, kotero chimakulungika pa spool mosathina n'kukonzekera kudzakolana poponya potsatira.

Koma chimene chinandipweteka mtima kwenikweni ndi nsomba imene ndinataya. Ndinali ndi Ned rig, nyambo yaing'ono ya pulasitiki yofewa, ndikuikoka pang'onopang'ono pansi pamiyala, pamene nsomba ya bass yaikulu kuposa zonse zimene ndinagwirapo inameza n'kuthawira kozama. Drag, buleki ya mu reel imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, inakana kumasuka panthawi yoyambayo, kenako inamasuka modukizadukiza, ndipo nsombayo itagwedeza mutu kachiwiri, chingwe chinaduka pamfundo ya mbedza. Ndodo inawongoka, dzanja langa likunjenjemera, ndipo ndinaimirira pamenepo kwa kanthawi ndikuyang'ana kachidutswa ka chingwe kakuuluzika ndi mphepo.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga anasintha, ndipo lero ndimanena mosabisa kuti pa uwedzi wa nyambo zopepuka palibe chinthu mu reel chofunika kuposa drag imene imayamba kumasuka mofewa. Chiwerengero cha ma ball bearing sichikuuzani kanthu za ubwino wake, pakuti asanu abwino oikidwa pamalo oyenera amaposa khumi osalongosoka. Ngakhalenso makilogalamu ambiri amene opanga amalemba kuti drag ingathe kupirira alibe ntchito kwa inu. Chingwe cha mapaundi 6 chimaduka chikakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.7, ndipo owedza ambiri amaika drag pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvuyo, kutanthauza magalamu 700 mpaka 900 okha. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, pa mphamvu yochepa chonchi, kodi drag imatulutsa chingwe mosalala, ndipo kodi mungathe kuiwonjezera pang'onopang'ono osati kudumpha kuchoka pofewa kufika pothina? N'chifukwa chake ma reel ang'onoang'ono ambiri abwino amagwiritsabe ntchito mu drag timawashala ta felt (nsalu yofewa) topaka mafuta, chifukwa timachita bwino pa mphamvu zochepa.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu, ndicho chakuti manambala a saizi sagwirizana pakati pa makampani, ndipo nkoyenera kuwerenga zilembo zimene zili pafupi ndi nambalayo. Kwa kampani ya Shimano, chilembo C chimatanthauza thupi laling'ono lokhala ndi spool yokulirapo, kotero C2000 ili ndi thupi la 1000 pamene C3000 ili ndi thupi la 2500. Chilembo S chimatanthauza spool yosazama, imene imadzaza ndi chingwe chopyapyala popanda kuyamba mwayala china pansi, ndipo HG ndi giya yothamanga. Mwachitsanzo, 2500HG ya giya 6.0:1 imakoka chingwe chotalika masentimita pafupifupi 89 mukapukusa kamodzi, pamene C2000S ya giya 5.1:1 imakoka pafupifupi masentimita 69. Kampani ya Daiwa nayo inasintha kawerengedwe kake pamene inabweretsa ma reel a LT mu 2017, moti 2500 ya LT ndi yaing'ono poyerekeza ndi 2500 yawo yakale. Munthu amene akuyerekeza nambala yokha akhoza kugula chinthu chosiyana kwambiri ndi chimene ali nacho m'maganizo.

Ambiri amaopa saizi 2500 poganiza kuti ndi yolemera, ndipo kale mantha amenewa anali omveka. Koma matupi opangidwa ndi kaboni, monga Ci4+ ya Shimano ndi Zaion ya Daiwa, anachepetsa kulemerako kwambiri. Reel ya Shimano yotchedwa Vanford, imene inalowa m'malo mwa Stradic Ci4+ mu 2020, imalemera magalamu pafupifupi 180 pa saizi 2500, ndipo pandodo ya mamita 2.1 kulemera kotere kumathandiza kuti nsonga isamagwere kutsogolo n'kutopetsa mkono.

Nanga mugule iti?

Yambani ndi chingwe chimene mudzagwiritse ntchito. Ngati ndi fluorocarbon yokhayokha ya mapaundi 4 mpaka 6, tengani 2500 ya spool yosazama ndipo musaganizenso za 1000. Ngati ndi braid (chingwe cholukidwa) yopyapyala ya saizi PE 0.4 mpaka 0.6 yolumikiza ndi kachingwe kakafupi ka fluorocarbon kumapeto, C2000S ya Shimano kapena LT2000S ya Daiwa ikukwanirani, chifukwa braid ndi yofewa ndipo sisunga mapindiko. Za mtundu, Vanford kapena Stradic ya Shimano, kapenanso ina mwa ma LT a Daiwa a pakatikati, onse ndi oyenera ntchitoyi. Pokulunga chingwe siyani mpata wa mamilimita 1 mpaka 2 kuchokera pamlomo wa spool, ndipo mukaponya muzitseka bail, kawaya kopindika kamene kamagwira chingwe, ndi dzanja n'kukoka chingwe pang'ono musanayambe kupukusa. Musanalipire, masulani drag, gwirani spool ndi zala ziwiri n'kuitembenuza pang'onopang'ono. Ikayamba ndi kukakamira kenako n'kudumpha, ibwezeni n'kupempha ina.